Miyezi Isanu Ndili Likulu la Asilikali

1

Ndiyambe n'kuvomera mlandu, kuti inu okonda kuweruza musavutike kudikira: kwa miyezi isanu ndinkalembera mwamuna wanga makalata abodza, n'kumasainira dzina la mwamuna wina. Musathamangire kugwira pakamwa, si zachibwenzi ayi. Ndine telala wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, maso anga anathera pa singano, nthawi yosuzumira amuna a eni ndingaitenge kuti?

Bambo a kunyumba anapuma usilikali atagwira zaka makumi awiri ndi zinayi. Mumsewu wathu aliyense amangowatchula a Sajeni. Tsiku limene anabwera ndi tranka yawo yachitsulo ndinasangalala kwambiri, poganiza kuti tsopano ndipeza womwa naye tiyi. Sindinadziwe kuti ndalandira woyendera nyumba.

M'mawa uliwonse ankadutsitsa chala pamwamba pa kabati, n'kundionetsa.

"Mayi, fumbi ili lalowa ndi chilolezo cha ndani?"

"Lifunseni lokha, bambo, lili pachala panupo."

Masupuni anawafoletsa potsata msinkhu. Bedi ndikayala ankayalula n'kuyalanso. Ngakhale mphaka anamulembera nthawi yodyera n'kumata pakhoma, ndipo mphakayo, poti ndi wanzeru, anasamukira kwa aneba.

Ndinkadandaula, koma ndikanadziwa ndikanathokoza. Patatha miyezi iwiri zonsezo zinangoti zii. A Sajeni anatenga mpando wathabwa, n'kuuika pakhonde, msana kukhoma, maso kugeti. Ndinkapita kushopu ali pomwepo, n'kubwerako ali pomwepo, tiyi atazizira m'kapu.

"Lero mudya chiyani, bambo?"

"Chilichonse."

"Tikayende pang'ono?"

"Pitani, ndikudikira."

"Mukudikira ndani?"

Ankangobwezera maso kugeti. Galimoto ikaphulitsa utsi pamsewu ankadzambatuka, maso ali tong'o, kenako n'kukhalanso pang'onopang'ono. Ndinafika posiya fumbi dala pakabati, lochuluka loti n'kudzalapo nyemba, koma chala chija sichinabwerenso. Ndinachita mantha. Ndinkaona mwamuna wanga akutha ndikumuyang'ana, ndipo sindinkadziwa pomugwira.

2

Shopu yanga inagundizana ndi ya mayi wina wotayipa ndi kusindikiza mapepala, amene tonse timamutchula Mayi Fotokope. Ndi mnzanga wa ponda apa nane mpondepo, ngakhale pakamwa pake palibe chitseko. Tsiku lina anandipeza ndikusoka dzanja la malaya pamalo pa kolala.

"Anzanga, munthu ameneyo avala bwanji malayawo akatha?" anafunsa. "Nenani, vuto ndi a Sajeni?"

Ndinamufotokozera zonse. Anamvetsera akutafuna chivindikiro cha bolopeni.

"Vuto ndinu," anatero. "Munthu wakhala zaka zonsezo akuuzidwa nthawi yodzuka, yodya, yometa, mwinanso yoyetsemula. Inu mukumufunsa kuti akufuna chiyani? Mulamuleni!"

"Ndinayesa. Akuti ine sindili pa mndandanda wa omulamula."

"Ndiye pezani amene ali pamndandandapo."

Satana akafuna kukugwetsa sabwera ndi nyanga, amatuma mnzako wokhala ndi kompyuta. Masana omwewo, a Sajeni ali pampando pawo, ndinalowa kuchipinda n'kutsegula tranka ija. Pansi pa mabulangete ndinapeza satifiketi yakale yowayamikira, yosainidwa ndi Kaputeni wawo. Dzinalo ndinalikumbukira. Zaka za m'mbuyomo ankalitchula ngati akutchula mngelo: a Kaputeni anati chakuti, a Kaputeni sadya asilikali awo asanadye. Kenako anasiya kulitchula, ine n'kumangoti anasamutsidwa.

Siginechayo ndinaiphunzira pa pepala lodulira mapatani mpaka dzanja linazolowera. Chidindo tinalibe, choncho ndinathothola batani lalikulu pa chijasi cha kasitomala wina amene sankabwera kudzatenga, n'kuliviika mu inki. Mayi Fotokope anatayipa motere:

*KWA: SAJENI. KUCHOKERA: KU LIKULU. Mwalamulidwa kunyamuka pampando umene mwakhalapowo. Mukonze mpopi wakubafa pofika naini koloko m'mawa. Mukatha mudye.*

"Kodi asilikali amalemba chonchi?" ndinafunsa.

"Ine ndatayipa makalata a maloya, a abusa ndi a anthu osudzulana," anatero monyada. "Asilikali angandivute?"

3

M'mawa mwake ndinaponya envulopu pansi pa geti, n'kuitolanso ndekha mokuwa.

"Bambo! Kalata yanu iyi, ikuoneka yaboma!"

Anaitsegula ndi mpeni, mwaulemu. Ndinkasuzumira pawindo la kukhitchini. Anawerenga kamodzi, nkhope inasintha. Anaimirira n'kukalowa kuchipinda, n'kukhoma chitseko.

Masiku atatu sanatuluke, kupatula kupita kubafa, kumene mpopi unkapitiriza kudontha. Chakudya ndinkachitenga pakhomo chili chomwecho. Ndinkadzitukwana chamumtima, koma kuulula ndinkaopa.

Tsiku lachinayi anatuluka atameta, kalata ili m'thumba la malaya.

"Ndikupita kwa Kopolo," anatero.

A Kopolo ndi mnzawo amene anali naye gulu limodzi, ndipo amakhala kumapeto kwa msewu wathu, kumene ali ndi kagalaja kokonzera njinga zamoto. A Sajeni anakhalako mpaka masana. Atabwera anaima pakhomo la khitchini n'kundiyang'ana nthawi yaitali, moti mpeni unatsala pang'ono kundicheka chala.

"Sipanala ili kuti?" anafunsa.

Mpopi unakonzedwa. Atatha anadya, mbale mpaka kuipukuta ndi buledi. Ine ndinakadzitsekera kubafa n'kuvina ndekha, opanda nyimbo.

Kuyambira pamenepo Likulu silinapume. Lolemba lililonse kalata inkagwa pageti. *Mupente khoma lakumaso. Muyende makilomita atatu tsiku lililonse. Muimbire foni mwana wanu wamkazi, ndipo musamufunse za nthawi imene wadzuka. Muperekeze akazi anu kumsika, munyamule basiketi osang'ung'udza.* Zonse ankachita, ndipo akatha ankalemba lipoti n'kuliika pansi pa mwala pageti, kuti mthenga wa ku Likulu adzatenge. Mthengayo, amene ndinali ine ndemwe, ankatenga popita kushopu. Malipotiwo ndinkawawerenga ndikuseka mpaka misozi: *Basiketi inanyamulidwa. Kung'ung'udza kunachitika pang'ono, chamumtima.*

Mwamuna wanga anayamba kunenepa. Tsiku lina ndinamumva akuimba mluzu. Ndinadziona wanzeru kuposa madokotala onse.

4

Chinsinsi ukachisungitsa kwa Mayi Fotokope, uzingodziwa kuti wachipachika pa chikwangwani. Mwezi usanathe anatulukira kushopu kwanga Mayi Kopolo, mayi wamtali wolankhula ngati akuitana basi. Anatseka chitseko n'kukhala pa mulu wa nsalu.

"Ndamva kuti a Kaputeni amasoka madiresi," anatero.

Ndinafuna kukana, koma ananditseka pakamwa ndi dzanja.

"Sindinabwere kudzakuululani, mayi. Ndabwera kudzalembetsa. Awo akwathu sakugona ndi nsanje. Akuti, 'Ine ndinalakwa chiyani kuti Likulu lizilembera Sajeni yekha? Kodi ine sindinali msilikali?' Ndiye muwalembere. Choyamba, asiye kugona atavala nsapato."

Sabata yotsatira anabweranso atatenga mkazi wa a Wailesi, msilikali wachitatu wa gulu lomwelo, amene ankanyamula wailesi yolumikizirana. A Wailesiwo vuto lawo linali lakuti samalankhula n'komwe, munthu amene ntchito yake yonse inali kulankhula. Basi, ndinapezeka ndili ndi gulu lankhondo la anthu atatu.

Mphamvu ndi mowa, abale. Lachisanu lililonse masana tinkakumana kuseri kwa makina a fotokope, azimayi anayi, kukonza malamulo a sabata. Mayi Kopolo ndiye analedzera nazo msanga.

"Lembani kuti azindiuza kuti amandikonda, kawiri pa tsiku."

"Kaputeni angalembe zimenezo?"

"Lembani! Muonjezere kuti azinena akundiyang'ana, osati akuyang'ana njinga."

Tinalemba. Lolemba madzulo msewu wonse unamva a Kopolo akukuwa pakhonde pawo, ataima njo, manja m'mbali: "Ndimakukondani! Kachiwiri, ndimakukondani!" Mayi Kopolo anabwera m'mawa akudandaula kuti bamboyo wamaliza zonse ziwiri nthawi imodzi kuti athane nazo.

Amuna atatuwo anayamba kukumana Lachitatu lililonse mugalaja muja, akuti kukambirana malamulo a ku Likulu. Ndikamadutsa ndinkamva kuseka. Nthawi zina kunkakhala chete wautali, chitseko chitatsekedwa, koma ine sindinkalabadira. Ndinkangowerenga zipatso za nzeru zanga.

5

Chinthu chimodzi chokha sichinasinthe. Akamaliza zimene alamulidwa, a Sajeni ankabwererabe pampando paja, maso kugeti. Ndipo tsiku lina mwana wa aneba ataphulitsa chibaluni, ndinawapeza atagwada kuseri kwa thanki ya madzi, malaya atanyowa ndi thukuta, akupuma ngati athamanga mtunda. Atandiona ananamizira kufuna kapu imene inagwa.

Ndinafotokozera namwino wina amene ndimamusokera mayunifolomu. Anandiuza kuti kuchipatala kwawo kumabwera mlangizi Lachinayi lililonse, wodziwa kuthandiza anthu amene anaona zoopsa.

"Koma munthu azibwera yekha mwakufuna kwake," anatero.

Ndinangomwetulira. Kufuna kwake kunali m'diresi langa, m'thumba momwe ndinkasungamo batani.

*Mwalamulidwa kukaonekera kwa mlangizi wa kuchipatala Lachinayi, teni koloko. Mukanene zonse.*

A Sajeni anawerenga, anapinda kalatayo kanayi, n'kuiika m'thumba. Lachinayi linafika, teni koloko inakwana, iwo ali pampando. Pansi pa mwala panalibe lipoti. Lachisanu sanayende makilomita awo. Loweruka tiyi anazizira m'kapu ngati kale.

Ndinapsa mtima, ndipo kunena zoona chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti msilikali wanga wandigalukira. Ndinathamangira kwa Mayi Fotokope.

"Tayipani. *Ndamva kuti lamulo langa lanyozedwa. Loweruka likudzali, naini koloko, ndibwera ndekha kudzayendera gulu lonse kunyumba kwa Sajeni.*"

Mayi Fotokope anachotsa zala pa kompyuta.

"Anzanga, nanga Lowerukalo likafika, Kaputeniyo mumutenga kuti?"

"Sizifika kumeneko. Achita mantha, Lachinayi apita kuchipatala, kenako tilemba kuti ulendo walephereka."

Lachinayi linadutsa. Sanapite.

6

Loweruka m'mawa ndinasuzumira pawindo, mtima unangoti phwii. Pabwalo pathu panali pataima amuna atatu pamzere: a Sajeni, a Kopolo ndi a Wailesi, malaya ositidwa mpaka kuthwa, nsapato zowala zoti n'kumeterapo ndevu. Akazi awo anali kuseri kwa mpanda pamodzi ndi Mayi Fotokope, ndipo aneba anali atayamba kutulutsa mipando.

Naini koloko inakwana. Hafu pasiti. Dzuwa linakwera, thukuta lili kamukamu pa mphumi za akuluakulu aja, koma palibe anasuntha. Ntchentche inatera pamphuno pa a Wailesi n'kukhazikika ngati yalipira lendi. Ine m'khitchini ndinatsuka kapu imodzi kasanu.

"A Kaputeni achedwa," anatero a Kopolo mokweza, maso ali kutsogolo. "Mwina makina osokera avuta."

Apo ndinadziwa kuti madzi achita katondo. Ndinapukuta manja, ndinatuluka, n'kukaima patsogolo pawo.

"Bambo," ndinatero, "a Kaputeni sabwera. Makalata onse aja ndinkalemba ndine."

"Sawasha kwa Likulu!" anakuwa a Kopolo, ndipo onse atatu anandiponyera sawasha nthawi imodzi. Aneba anafa nalo phwete. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Munadziwa liti?" ndinafunsa.

"Tsiku limene Sajeni anabwera nayo kalata yoyamba," anatero a Kopolo akupukuta misozi ya kuseka. "Mayi, munaonapo chidindo cha boma chokhala ndi mabowo anayi? Pa guluu wa envulopu panamatirira ulusi wobiriwira. Ndiponso msilikali salemba kuti naini koloko, amalemba 0900."

"Nanga nsanje ija?" anafunsa Mayi Kopolo kuseri kwa mpanda.

"Inali yeniyeni. Mnzanga ankadzuka ali ndi chochita, ine ndilibe."

A Wailesi, amene ndinali ndisanamvepo mawu awo chaka chonse, anatsokomola n'kunena kuti, "Malamulo anali abwino. Kupatula lopenta geti la pinki."

Anthu anasekanso. Koma a Sajeni sankaseka. Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono n'kuyang'ana anzawo, ndipo kuseka kunatha kokha. A Kopolo anatembenuka n'kuyamba kubalalitsa aneba ngati nkhuku. Posakhalitsa pabwalo tinatsala awiri.

"Khalani pansi, mayi," anatero, n'kundipatsa mpando wawo uja. Iwo anakhala pa sitepe.

"A Kaputeni anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo."

Ndinangoti kukamwa yasa.

"Tinali paulendo, galimoto inaima pamsewu wokayikitsa. Ntchito yokayang'ana kutsogolo inali yanga. Koma ndinali ndi malungo, ndipo iwo anaona. Anati, 'Sajeni, khala pomwepa, usasunthe mpaka ndibwere.' Anayenda mapazi makumi atatu. Panali bomba lokwirira." Anapotokola chipewa m'manja. "Ndili kuntchito zinkapiririka, poti tsiku lililonse pamakhala wina wondiuza chochita. Nditabwera kuno, lamulo lokhalo ndi limene linatsala m'mutu."

Ndinayang'ana mpando umene ndinakhalapo, ndinayang'ana geti, ndipo ndinamva kuzizira dzuwa lili pamutu.

"Ndiye tsiku lina kukubwera kalata, siginecha yawo, akuti nyamuka pampandopo. Mayi, masiku atatu aja ndinkaganiza kuti ndapenga. Ndinkaopa kutuluka kuti mungaone."

Ndinalira, osati kulira kwaulemu kopukuta ndi kansalu, koma kwenikweni, kwa mamina. Miyezi isanu ndinkadzitama kuti ndapeza mankhwala, osadziwa kuti ndinaponda pachilonda penipeni ndi nsapato.

"Bwanji simunandikalipire?"

"Kopolo atandionetsa mabowo a batani ndinakwiya. Kenako ndinaganiza kuti, mkazi uyu wafika pothyola malamulo a dziko kuti ine ndidzuke. Ndinati ndidzuke basi. Komanso Lachitatu lililonse timayamba n'kuseka makalata anu, kenako timapezeka tikukamba za tsiku lija. Tonse atatu tinalipo, koma zaka zonsezi tinali tisanakambepo."

"Nanga kuchipatala bwanji munakana?"

"Mpopi ndingakonze molamulidwa ndi batani. Koma kumeneko ndikukanena za imfa yawo. Sindingapite ndi siginecha yawo m'thumba." Anandiyang'ana. "Inu simunandifunsepo nokha."

Zinali zoona. Ndinafunsa namwino, ndinafunsa Mayi Fotokope, ndinafunsa tranka, koma mwini wake ayi.

"Bambo," ndinatero, "mungapite?"

"Ndikuopa."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati, mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo.

"Ndikuperekezeni?"

"Mundiperekeze. Koma muyende pambali panga, osati kutsogolo. Mwatsogolera mokwanira."

7

Tinapita Lachinayi lotsatira. Ndinakhala pabenchi panja ola lathunthu, ndikusoka mpendero wa siketi ya munthu. Anatuluka maso ali psuu, n'kunena kuti mlangiziyo ndi mwana wamng'ono, sadziwa n'kuima kwachisilikali komwe, koma amamva. Tsopano papita miyezi isanu ndi itatu akupitabe. A Wailesi anayamba nawo mwezi wachiwiri, ndipo mkazi wawo akuti masiku ano amalakalaka atakhalako chete pang'ono. A Kopolo akuti akuganizabe. Sindinganame kuti zonse zinatha: masiku ena chitseko chikamenyeka a Sajeni amachokabe m'chipinda, ndipo masiku ena salankhula. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano amandiuza kuti lero si tsiku labwino, ine n'kusiya kulongolola.

Likulu linatsekedwa. Mayi Kopolo sanandikhululukirebe, chifukwa akuti kuyambira tsiku limenelo mawu achikondi anatsika kuchoka pa awiri patsiku kufika pa amodzi pamwezi.

Inu owerenga, makamaka amene muli ndi munthu wovula yunifolomu pakhomo, mwamuna, mkazi, mchimwene kapena mwana, musatengere nzeru zanga. Ine ndimadziwa kukula kwa khosi la mwamuna wanga, kutalika kwa mkono wake ndi m'chiuno mwake popanda tepi, ndipo ndinkaganiza kuti kumeneko ndiye kumudziwa munthu. Ndinachita mwayi kuti bodza langa linagwera anthu okhululuka, chifukwa masiku atatu aja akanatha kuthera pena. Munthu wanu akangokhala duu, musamupangire mapulani kuseri kwa makina a fotokope. Kokani mpando wina, mukhale naye, mumufunse, ndipo akapanda kuyankha mudzafunsenso mawa. Akafuna thandizo la odziwa, muperekezeni.

Sabata yatha a Sajeni anandiuza kuti a Kaputeni anasiya mkazi ndi ana awiri, ndipo a Sajeniwo sanapiteko chimwalirire a Kaputeni, chifukwa cha manyazi. Akufuna akawaone. Palibe anawatuma. Anakhala patebulo masana onse akulemba kalata yopempha kuti akafike, analemba katatu, kung'amba kawiri. Ndinadzipereka kuti ndiwathandize, poti pa nkhani ya makalata ndili ndi luso.

"Inu khalani pomwepo," anatero osadzutsa mutu. "Mungondibwereka envulopu."